Asodzi a masewera ku Florida ndi nkhani ya chirundu

Abale athu a m'mbali mwa nyanja, ife timalowa m'madzi kuti pakhomo pakhale ndiwo ndi ndalama ya sopo. Ku Florida, m'dziko la America, kuli anthu amene amachita kulipira kuti akawedze. Amabwereka boti la injini pamodzi ndi mwini wake kwa theka la tsiku kapena tsiku lathunthu. Mbedza, nyambo ndi chingwe ndi za mwini boti, mlendo amangokwera basi. Mwini botiyo amadyera pa ndalama ya mlendo, osati pa kugulitsa nsomba.

Nanga amapita pati? Nyanja yamchere ndi yaikulu, koma nsomba sizili paliponse. Amalunjika pa matanthwe a pansi pa madzi ndi pa sitima zomira. Pamenepo pamamera ndere, tinsomba timapeza chakudya ndi pobisala, ndipo zikuluzikulu zimabwera kudzasaka tinsombato. Ife izi si zachilendo. Ndi mmene utaka umasonkhanira pa chirundu.

Anzathuwo amafika pomiza sitima mwadala. Mu 2002 anamiza Spiegel Grove, sitima yakale ya asilikali yotalika mamita 155, pafupi ndi Key Largo. Mu 2009 anamizanso ina, Vandenberg, pafupi ndi Key West. Asanamize amayamba achotsa mafuta ndi zina zoipitsa madzi.

Tsono vuto lili apa. Nsomba zikaunjikana malo amodzi zimaoneka ngati zachuluka, pomwe zangosonkhana. Kuli nsomba ina yotchedwa goliath grouper, imene imatha kupitirira makilogalamu 300. Nthawi yoswana imasonkhana pa sitima zomirazi, ndipo siithawa munthu. Asodzi atadziwa malowo ankangotola, mpaka inatsala pang'ono kutha. Mu 1990 boma linaletsa kuipha. Panapita zaka zoposa 30, ndipo mu 2023 ndi pamene Florida inalolanso, koma nsomba 200 zokha pa chaka, kwa okhawo amene apatsidwa chilolezo.

Eni maboti ambiri anaona kuti nsomba yamoyo imawalipira kangapo. Mlendo akaikoka, aijambula ili m'madzi, n'kuimasula. Mawa kubwera mlendo wina, naye alipira. Kumasulako kulinso ndi luso lake. Nsomba yochokera pakuya ikakwezedwa msanga, mpweya wa m'kati mwake umafufuma, mimba n'kutulukira kukamwa, ndipo ukaiponya imangoyandama mpaka kufa. N'chifukwa chake amaimangirira ku kachitsulo kolemera n'kuitsitsa pansi, kumene imamasuka n'kusambira.

Sitikunena kuti ife tiziwedza n'kumabweza. Iwo akusewera, ife ana akudikira nsima. Koma tiganizire za zirundu zathu. Kale chirundu ankachidziwa ndi akuluakulu ochepa, poyang'ana phiri ndi mtengo wa kumtunda. Lero injini zachuluka, foni zili m'thumba, malo akadziwika m'mawa madzulo maboti adzaza. Chilimira ikabwera yodzaza kuchokera pa chirundu, tisafulumire kunena kuti nyanja yachira.

Ku chilumba cha Mbenji, ku Salima, mafumu amatseka usodzi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo akhala akutero kwa zaka zambiri. Pa msonkhano wotsatira wa komiti ya pa doko, tifunsane: zirundu za dera lathu ndi zingati, ndipo ndi chiti chimene tingachipumitse chaka chino?