Kalata Ikasowa ku Positi, Adzalipira Ndani?

Alimi ndi matenanti a ku Chikwawa ndi Nsanje, kalata ya sitampa chabe ikasowa palibe chipukuta misozi. Positi silemba kalata yotere m'buku, choncho palibe umboni woti inatumizidwa. Mapepala ofunika, monga a mgwirizano wa thonje kapena mzimbe, atumizeni pa rejisitala, ndipo musunge risiti pamalo pouma, chifukwa nambala yake ndiyo mboni yanu.

Makalata opita kapena ochokera kunja amatsata malamulo a Universal Postal Union. Dandaulo liyenera kufika pasanathe miyezi 6 chitumizireni kalata. Woyenera kulipidwa ndi wotumiza, pokhapokha atasiyira wolandira ufuluwo. Tsono mwana wanu akatumiza kalata kuchokera ku Johannesburg, kalatayo n'kusowa, akadandaule iyeyo komweko. Chipukuta misozi cha rejisitala chili ndi malire ake, sichitsata mtengo wa zimene munaikamo. Ndalama mu envulopu ayi ndithu.

Mfundo imene ikutikhudza kwambiri kuno kuchigwa ndi iyi: malamulo omwewo salamula positi kulipira ngati kalata yaonongeka ndi ngozi yosapeweka, monga madzi osefukira a mu 2015 kapena namondwe Freddy mu 2023. N'chifukwa chake ndi bwino kujambulitsa mapepala anu musanawatumize.

Kalata ya m'dziko momwe muno ikasowa, yambani mwadandaula ku positi kumene munatumizira. Malawi Posts Corporation ikapanda kukuthandizani, pitani ku MACRA, bungwe loyang'anira ntchito za positi, risiti ili m'manja.