Tigalimoto ta Mtengo: Luso Lodalira Nkhalango

Pakati pa ziboliboli zimene amisiri amayala pa malo ogulitsira alendo ku Blantyre ndi ku Zomba, pambali pa njovu, mvuu ndi mipando ya mafumu, pamapezekanso tigalimoto ta mtengo tosemedwa m'chifanizo cha magalimoto a makedzana. Mmisiri amayamba kusema thupi lake ndi sompho, nasema mikombero payokhapayokha, nailowetsa pa kamtengo kuti izizungulira. Potsiriza amakwecha ndi kupaka polishi kufikira mtengowo utawala.

Tina mwa tigalimototi timafanana ndi Ford Model T, imene idapangidwa ku America kuyambira 1908 kufikira 1927, ndipo chiwerengero chake chidaposa 15 miliyoni. M'chaka chomwecho cha 1908 njanji idafika ku Blantyre, koma katundu wopita ku Zomba, kumene kudali likulu la Boma kufikira 1975, ankayendabe pamitu ya amtengatenga, ndipo Azungu ankanyamulidwa pa machila. Msewu wa pakati pa mizinda iwiriyi umadutsa m'boma la Chiradzulu, pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, kotero kuti makolo a kumeneko adaona ndi maso galimoto ikulanda ntchito yowawa ija. Mphunzitsi wokhala ndi kagalimoto kotere m'dzanja angathe kufotokoza mbiri yonseyi kwa ana.

Koma tsono luso limeneli lili pa chiopsezo, pakuti limadalira mitengo yolimba monga phingo, mlombwa ndi m'bawa, imene imatha zaka makumi ambiri isanakhwime. Kuyambira 2017 malonda a phingo kunja kwa dziko akhala akuyang'aniridwa ndi pangano la maiko lotchedwa CITES, ndipo mu 2023 mlombwa ndi m'bawa idalowanso m'gulu lomwelo. Ku Chiradzulu vutoli ndi lalikulu, chifukwa kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono chotere, ndipo minda, nkhuni ndi makala zatha mitengo yambiri.

Choncho ndi udindo wa aphunzitsi, mafumu ndi alangizi a za nkhalango kuonetsetsa kuti pa nyengo yodzala mitengo, kuyambira Disembala kufikira Epulo, sukulu ndi midzi isamadzale bulugamu yekha ayi, komanso mitengo ya chilengedwe. Wodzala mlombwa lero sadzausema yekha, koma mdzukulu wake adzapeza chogwira.