Kampira ka mu polia kakatha, musathamangire kowotcherera

Eni galimoto zakale zimene zimanyamula anthu ndi katundu pakati pa Cuamba, Mandimba ndi Massangulo ali ndi chizolowezi china chimene chingathe kupha injini yabwinobwino. Gudumu la kutsogolo kwa injini likangoyamba kugwedera, ena amathamangira kwa owotcherera zitsulo m'malo mofuna lina.

Gudumuli amakaniko a kuno amalitchula kuti polia, pamene anzawo a ku Chiponde ndi ku Mangochi amati pule. Limakhala kunsonga kwa cambota, chitsulo chachitali chokhotakhota chimene mapisitoni amachizunguza. Pa polia ndi pamene pamayenda lamba wozunguza fani, pampu ya madzi ndiponso alutaneta yodyetsa batire.

Zina mwa galimotozi zinafika kuno mtendere utabwera mu 1992, pa nthawi imene anthu ankabwerera kwawo kuchokera ku Malawi. Lero zapitirira zaka 30, koma ndizo zimalowa njira za kumidzi kukatenga fodya, thonje ndi chimanga, ngakhalenso wodwala wopita ku chipatala cha ku Cuamba.

Poiona polia imaoneka ngati chitsulo chimodzi, koma pa injini zambiri ili ndi zigawo zitatu: chitsulo cham'kati chimene chimagwira cambota, mkombero wolemera wa kunja, ndi kampira kopyapyala kolumikiza ziwirizi. Kampira kameneka si kokongoletsa ayi. Nthawi iliyonse mafuta akaphulika mu silinda, cambota chimapotoka pang'ono n'kubwereranso, monga chimachitira chingwe chachisale munthu akachipota n'kuchitaya. Injini ya 1HZ ya Toyota Land Cruiser, imene inayamba kupangidwa mu 1990, ili ndi masilinda 6. Ikamazungulira maulendo 2,000 pa mphindi, cambota chake chimalandira nkhonya 100 pa sekondi imodzi. Mkombero uja ndi kampira kake ndizo zimameza kunjenjemera konseku.

Tsono wowotcherera akalumikiza mkombero ndi chitsulo cham'kati, polia imaleka kugwedera ndipo mwini galimoto amabwerera akusekerera. Koma kunjenjemera kuja kulibenso kothawira. Kumatsalira m'cambota, ndipo chitsulo chikatopa chimayamba mng'alu mpaka kuduka. Apo ndiye kuti injini yonse itsike pansi, ndipo ndalama za polia imodzi zimasanduka ndalama za injini.

Kampiraka kamatha chifukwa cha kutentha, ukalamba, makamaka oyilo wodontha pa retentor, mphira wotseka oyilo kuseri kwa polia. Zizindikiro zake sizibisika. Injini ikamalira galimoto ili chiimire, polia imavina. Lamba amalira mokwiyitsa kapena kudyeka mbali imodzi. Batire silidzaza, madzi amawira msanga, ndipo ukayang'ana bwino umaona kampira kong'aluka kapena kotuluka m'mbali. Mkombero ukatsetsereka, zizindikiro zotcherera injini zimene zili pamwamba pake zimanama, ndipo makaniko wosadziwa amasokoneza injini imene inalibe vuto. Ukachokeratu galimoto ikuthamanga, ungathe kuboola ladiyeta.

Ntchito yosintha polia siivuta kwambiri, koma imadana ndi phuma. Choyamba makaniko amachotsa waya wa batire, kenaka lamba, fani, ndiponso ladiyeta ngati malo achepa. Bawuti yaikulu ya pakati ndiyo imatulutsa thukuta, pakuti imamangidwa kolimba zedi. Cambota chiyenera kugwidwa kuti chisazungulire. Ena amatsamiritsa sipanala yaitali pa chesi n'kugogoda sitata. Bawuti imamasukadi, koma sipanala ikapulumuka imathyola dzanja, kapena injini imangolira yokha.

Bawuti ikachoka, polia imazulidwa ndi chida chokokera chimene amati saca, chomangidwa ndi mabawuti m'mabowo a chitsulo cham'kati. Chida chokola kumkombero chimang'amba kampira. Nyundo ndiye isayandikire n'komwe. Ndiyo chida chimene sichisowa pansi pa mtengo wa mango paliponse pokonzera galimoto, koma kumenya nayo kumaphwanya mabeling'i ogwira cambota m'kati, ndipo vutolo limadzaoneka patapita miyezi, mwini ataiwala kale.

Pansonga ya cambota pali kachitsulo kakang'ono ngati theka la ndalama, kotchedwa chaveta, kamene kamaletsa polia kutsetsereka. Kakadyeka kasinthidwe. Retentor nayo isinthidwe tsiku lomwelo popeza ndi yotsika mtengo, ndipo kuisiya yodontha n'kuyamba kupha polia yatsopano isanayende ndi ulendo umodzi. Polia yatsopano aipake oyilo pang'ono pamene ikhudza retentor, ailunjike pa chaveta, ndipo ilowe mokokedwa pang'onopang'ono.

Kumanga bawuti kuli ndi muyeso wake, ndipo injini iliyonse ili ndi wake. Pa injini ya Land Rover ya 300Tdi, buku lake limati imangidwe mpaka 80 Nm ndi sipanala yoyezera, kenaka izunguzidwenso madigiri 90. Bawuti yosalimba imalola polia kusewera mpaka kudya mphako ya chaveta, ndipo apo cambota chimaonongeka osaduka n'komwe.

Si injini zonse zili ndi kampira. Land Rover zakale zija za Series za malita 2.25, zimene zinkalizidwa ndi chogwirira chopukusa kutsogolo, polia yake ndi chitsulo chokhachokha. N'chifukwa chake munthu asagule polia poyang'ana kukula kokha. Wopita kukagula ku Nampula pa sitima, kapena ku Limbe podzera pa Chiponde, anyamule polia yakale ndi nambala ya injini, awerengenso mipata ya malamba. Polia yochotsedwa pa galimoto yakufa ili ndi kampira ka zaka zomwezo, choncho aiyang'anitsitse asanalipire.

Ntchito ikatha, makaniko alize injini, aime pambali patali ndi fani, ayang'ane polia. Yomangidwa bwino imazungulira phee ngati yaima. Galimoto ikapita ku Mandimba n'kubwerako, lamba amutcherenso, pansi pa injini aonepo ngati pali dontho la oyilo.