Nyumba ya kampani, manja a amayi: Khirisimasi ku Gadzema

Disembala akalowa, ntchito ya amayi a m'makomboni a ku Gadzema imachuluka pawiri. M'mawa ali kumunda kupalira chimanga, pakuti mvula ili pakati. Dzuwa likapendeka ali pakhonde ndi sizasi, ulusi, nyuzipepala zakale ndi thumba la feteleza lochapa bwino. Ana amatumidwa kwa telala kukapempha zidutswa za nsalu. Pofika pa 24 nyumba imakhala itasintha maonekedwe, ndipo ndalama imene yalowa pa zonsezi nthawi zambiri siikwana kugula ngakhale nkhuku ya tsikulo.

Gadzema ndi kamudzi ka migodi m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, m'mbali mwa njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo, munthu asanafike ku Chegutu. Kanakula chifukwa cha golide, makamaka mgodi wa Giant. Dera lonseli n'lamigodi: kuli Dalny ku Chakari, kuli Cam and Motor ku Eiffel Flats pafupi ndi Kadoma. M'nthawi ya atsamunda, Chegutu akutchedwa Hartley ndipo Kadoma akutchedwa Gatooma, amuna ambiri ochokera ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete ankabwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kuno. Ena anayenda pansi, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena analembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi ankawatcha matchona. Zidzukulu zawo ndi zimene lero zimayankhula Chishona pamsika koma n'kumapemphera, kulira maliro ndi kuvina gule m'Chichewa.

Mbiri imeneyi ndiyo imatithandiza kumvetsa chifukwa chake amayiwa amalimbikira kukongoletsa nyumba. Wantchito wa Chishona Khirisimasi ikafika ankakwera basi kupita kumudzi kwawo. Mmalawi analibe mudzi wapafupi wopitako. Nyumba imene ankakhala inali ya kampani kapena ya mwini famu, yofanana ndi ina iliyonse pamzere, ndipo ntchito ikatha nyumba nayo inkatha. Mayi sakanatha kuwonjezera chipinda kapena kuboola windo. Chimene akanatha chinali kupaka, kuyala ndi kupachika, kuti mlendo akalowa adziwe kuti muno muli munthu waulemu wake. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi siinali yachabe ngati mmene amuna ena amaitengera. Inali njira yokhayo imene banja lopanda malo likanati pano ndi pathu.

Ntchito imayambira pansi. Nyumba ya dothi amaizira, kenaka n'kuisalaza ndi mwala mpaka iwale. Nyumba ya simenti imafuna polishi, ndipo wa m'chitini, amene aliyense amangomutcha Cobra, ambiri samukwanitsa. Amayi amapanga wawo. Amasungunula zotsalira za makandulo m'chitini, n'kuchiphula, n'kupita nacho kutali ndi moto, ndiye n'kuthiramo parafini pang'onopang'ono akutakasa. Wofuna khonde lofiira amaonjezamo ufa wofiira umene amisiri amasakaniza ndi simenti. Zikazizira zimagwirana. Apa ndi pofunika kusamala kwambiri: parafini sathiridwa chitini chili pamoto, ndipo ana sayenera kuyandikira. Makoma amapakidwa njereza, ena amathiramo mchere kuti isamatsalire m'zovala za anthu. M'munsi mwa khoma amadutsamo mzere wa dothi lakuda kapena lofiira, kuti matope a mvula asamaonekere.

Pa dothi lomweli pali chenjezo la ku Gadzema ndi madera onga iko. Milu ya dothi lotayidwa m'migodi ili paliponse, ndipo ina ili ndi maonekedwe okopa, achikasu kapena otuwa. Koma golide amamulekanitsa ndi miyala pogwiritsa ntchito cyanide, ndipo okumba pawokha, amene kuno amatchedwa makorokoza, amagwiritsa ntchito mercury. Zonsezi ndi poizoni. Dothi la pamilu imeneyi siloyenera kuzirira nyumba imene mwana amakwawamo, kapena kupaka khoma la kukhitchini. Dothi labwino ndi la pachulu kapena kudambo lakutali ndi zigayo za miyala.

Pansi ndi makoma zikatha, pamabwera ntchito ya sizasi. Nyuzipepala imapindidwa kangapo, n'kudulidwa timano ndi timabowo, ndipo ikatambasulidwa imakhala mphonje yoyala m'mashelefu momwe mumakhala mbale ndi makapu. Mapepala amitundu amadulidwa timizere, n'kumatidwa ndi phala la ufa wa tirigu kukhala unyolo wopachika kuchokera pangodya ina kufika ina. Katoni yakale imasanduka nyenyezi ikakutidwa ndi pepala lonyezimira la m'kati mwa paketi ya tiyi. Thumba la feteleza lija amalibaya ndi tizidutswa ta nsalu, kachidutswa kalikonse n'kukamanga mfundo, mpaka litakhala chopondera pakhomo chochindikala. Izi ana amaziphunzira tsiku limodzi.

Chimene sichiphunzirika tsiku limodzi ndi kuluka madoyilo, ndipo apa ndi pamene nkhani yokongoletsa nyumba imakumana ndi nkhani ya chakudya. Chegutu ndi Kadoma anali matauni a thonje. Ku Kadoma kuli malo ofufuzira za thonje a Cotton Research Institute, ndipo kampani ya nsalu ya David Whitehead, dzina limene Amalawi amalidziwa chifukwa cha fakitale ya ku Blantyre imene inagulidwa ndi Mapeto mu 2003, inali ndi mafakitale m'matauni onse awiri. Ulusi ndi zidutswa za nsalu sizinali zosowa. Boma litayamba ndondomeko ya chuma ya ESAP mu 1991, mafakitale a nsalu anayamba kufooka, amuna ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo madoyilo amene kale ankangoyalidwa pamipando ndi pawailesi anasanduka malonda. Amayi a ku Zimbabwe ankaluka usiku, n'kulongedza m'zikwama, n'kukwera sitima kapena basi kupita ku Botswana ndi ku South Africa kukagulitsa khomo ndi khomo, kawirikawiri pangongole yodzatolera mwezi wotsatira. Pobwerera ankanyamula sopo, mafuta ophikira ndi katundu wina wodzagulitsa. Ana ambiri amene lero ndi aphunzitsi ndi anamwino analipiridwa sukulu ndi kachitsulo kolukira. Mu 2008, ndalama ya dziko itasanduka mapepala wamba, mabanja amene anali ndi mayi wodziwa ntchito ya manja anapeza poyambira.

Kwa ana a matchona ulendo umenewu unali ndi chopinga china. Pasipoti imafuna chitupa, ndipo ambiri obadwira m'migodi ndi m'mafamu anali ndi zitupa zowalemba kuti ndi alendo, ena analibe n'komwe. Lamulo la unzika la mu 2001 linakhwimitsanso zinthu, mpaka malamulo oyendetsera dziko a mu 2013 anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Mayi wopanda pasipoti ankaluka n'kupereka katundu wake kwa mnzake wodutsa malire, phindu lalikulu n'kutsalira kwa wonyamulayo.

Kutchalitchi nako manja omwewa ndi amene amagwira ntchito. Mpingo wa CCAP sinodi ya Harare, umene unayamba pofuna kutumikira Amalawi obwera kudzagwira ntchito, uli ndi amayi a Chigwirizano ngati ku sinodi ya Nkhoma. Nsalu ya patebulo la kutsogolo, maluwa a m'mabotolo, zovala za ana ochita sewero la kubadwa kwa Yesu, zonse zimachokera m'nyumba za amayi. Mabanja a Chiyawo, amene ambiri ndi Asilamu, amachita chimodzimodzi Eid ikayandikira: kupaka njereza, kuyala mkeka watsopano, kuchapa makatani.

Masiku ano m'mashopu a ku Chegutu ndi ku Kadoma mwadzaza maluwa apulasitiki, timagetsi tothwanima ndi mitengo ya Khirisimasi yochokera kunja, zambiri zogulitsidwa pa dola ya America. Sindikuletsa munthu kugula. Wapeza golide wake pang'ono, asangalale. Koma zinthuzi zimathothoka Januwale asanathe, timagetsito timafuna magetsi amene amazimazima, ndipo ndalamayo imatuluka m'mudzi osabwereranso. Chopondera cha thumba chimatha zaka zingapo. Ulusi ukadula, mayi amagula juzi yakale pakaunjika, n'kuimasula, n'kuchapa ulusiwo, n'kuluka nawo zatsopano.

Ku Matobo, kumwera kwa Bulawayo, kuyambira mu 2014 kumachitika mpikisano wa My Beautiful Home, pamene amayi amakongoletsa nyumba zawo ndi dothi, phulusa ndi makala, opambana n'kulandira mphoto zothandiza pakhomo. Mpikisanowu wachititsa kuti atsikana ayambenso kuphunzira kwa agogo awo, ndipo zojambula za amayiwo zafika mpaka ku National Gallery ya ku Bulawayo. Palibe chimene chingaletse mipingo, mabungwe a maliro ndi makhansala a ku Chegutu ndi Kadoma kuyambitsa zonga zomwezo m'makomboni a migodi. Sipafunika ndalama zambiri: oweruza atatu, tsiku limodzi loyendera nyumba, ndi mphoto ya mapoto kapena thumba la mbewu.

Amayi amene amadziwa kuluka mitundu yovuta ya madoyilo akukalamba, maso akuchita chidima, ndipo luso lawo silinalembedwe m'buku lililonse. Inu amene muli ndi agogo otere ku Gadzema, ku Chakari kapena ku Kadoma, atumizireni mwana pa tchuthi akakhale nawo pakhonde aphunzire. Ndipo mukafuna chopondera kapena nsalu ya patebulo ya Khirisimasi, gulani kwa iwo, pamtengo umene atchula, osanenerera.