Kodi alangizi amalemberanji ng'ombe zathu?

Alimi ambiri a ng'ombe kwa Katunga, ngakhalenso m'chigwa chonse cha Shire, sasangalala akaona mlangizi wa ziweto akutulutsa buku ndi bolopeni pakhola pawo. Munthu wa ng'ombe makumi awiri akafunsidwa amayamba wakanda m'mutu, kenaka nkunena kuti ziripo khumi ndi ziwiri. Ena amaopa kuti boma likufuna kuwadula msonkho, ena amaopa akuba, pomwe ena safuna kuti abale adziwe kukula kwa khola. Izi nzomveka, chifukwa chuma sachita kulengeza pabwalo. Koma ng'ombe zisanu ndi zitatu zimene zabisidwazo ndi zomwe zimadzasowa katemera tsiku limene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi abuka.

Matenda amenewa si achilendo kuno. Mu 2008 ndi mu 2015, mwachitsanzo, anabuka m'chigwa muno ndipo boma linatseka misika ya ng'ombe ndi kuletsa kuyendetsa ziweto. Amagwira nyama za ziboda zogawikana, ndiye kuti ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba. Ng'ombe imayamba ndi kutentha thupi, imasiya kudya, kenaka dovu limangochucha kukamwa ngati ulusi. Mukaitsegula kukamwa mupeza matuza palilime ndi m'nkhama, ndipo ena amatuluka pakati pa ziboda ndi kumawere. Ng'ombe zikuluzikulu sizifa kawirikawiri, koma zimaonda, mkaka umauma, zapangolo zimatsimphina kwa masabata angapo, ndipo ana a ng'ombe amatha kufa mwadzidzidzi opanda nchilonda chomwe.

Chimene chimachititsa kuti matendawa asatitalikire ndi njati. Njati za m'nkhalango ngati ya Lengwe zimasunga kachirombo koyambitsa matendawa pakhosi pawo kwa zaka, koma izo osadwala. M'chilimwe, msipu ukauma ndipo madzi akasowa, ng'ombe ndi njati zikamwera pamodzi kapena kudya pamalo amodzi, kachiromboko kamadumphira ku ng'ombe. Kuchoka apo sikafunanso njati. Kamayenda ndi ng'ombe zomwe, kudambo, kudibi, kumsika ndi pa lole.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani ya buku lija. Ng'ombe ikatenga kachiromboka pamatha masiku awiri mpaka 14 isanaonetse kuti ikudwala, ndipo imatha kuyamba kupatsira zinzake masiku angapo matuza asanaoneke. Ndiye kuti tsiku limene mbusa wanu akukuuzani kuti ng'ombe ina ikuchucha dovu, matendawo anayamba kale ulendo. Ntchito ya a zaziweto ndi kulondola mapazi ake, kumene achokera ndi kumene apita, ndipo sangathe kutero ndi mutu wokha. Amadalira zimene zinalembedwa matendawo asanabwere.

Zolembedwazo ziri pamitundu itatu. Choyamba ndi kaundula wa ziweto: dzina la mwini khola, mudzi wake ndi chiwerengero cha ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba zake. Pankhani za matenda boma limagawa madera potsata dibi, kotero kuti malipoti amatchula dera la dibi lakutilakuti ngakhale dibilo litaleka kugwira ntchito kalekale. Chachiwiri ndi kalata yoyendetsera ziweto, imene ambiri timaitcha pemiti. Chachitatu ndi lipoti la matenda lenilenilo.

Pemiti ndi imene alimi amadandaula nayo kwambiri, chifukwa imafuna kuti munthu ayende kukasaka mlangizi pamene wogula ali chiimire ndi ndalama m'thumba. Koma taganizani za njira imene ng'ombe zathu zimadzera. Ng'ombe yogulidwa kwa Katunga, ku Nchalo kapena ku Ngabu imakwera lole, nkudutsa pa Thabwa, nkukwera mapiri, dzuwa lisanalowe yafika ku Blantyre. Njira imeneyi ndi yakale ndithu. M'zaka za m'ma 1880 sitima za pa Shire zinkatsitsa katundu padoko la kwa Katunga kuti akwere mtunda kupita ku Blantyre komweko. Masiku ano chokwera mtundacho ndi nyama. Ngati ng'ombe ya m'khola lodwala inanyamuka Lachiwiri, ndipo matenda adziwika Lachisanu, pemiti yokha ndi imene ingauze a zaziweto kuti lole yake inali iti, inanyamulanso ng'ombe za kuti, ndipo inakatsitsa pati. Ng'ombe yoyenda usiku popanda kalata ilibe phazi loti nkulondola. Boma likasowa polondola limangotseka ponseponse, ndipo olangika amakhala onse, ngakhale amene makola awo ali kutali ndi matendawo.

Lamulo loona za matenda a ziweto, la Control and Diseases of Animals Act la 1967, limafuna kuti mwini chiweto chimene akuchiganizira matenda opatsirana achipatule kwa zinzake ndi kudziwitsa akuluakulu mosazengereza. Kumudzi kuno poyambira ndi mlangizi wa ziweto wa dera lanu, ndipo ngati sakupezeka uzani anyakwawa kapena mlangizi wa mbewu kuti uthenga ufike. Mlangizi akafika amalemba tsiku limene ng'ombe yoyamba inadwala, kuchuluka kwa zodwala, zakufa ndi zimene zimadya nazo pamodzi, kumene zimamwa madzi, ndiponso ngati m'kholamo mwalowa kapena mwatuluka chiweto m'masabata apitawo. Funso lomalizali ndi limene alimi amazemba, makamaka ngati ng'ombeyo inalowa mwakachetechete kuchokera tsidya la Mozambique kapena inabwera ngati malipiro a mlandu. Komatu ndi funso lofunika kuposa onse.

Lipotilo limapita kuofesi ya zaulimi ya pa boma ku Chikwawa, kenaka ku Shire Valley ADD ku Ngabu, mpaka kulikulu la nthambi ya boma yoona za ziweto ku Lilongwe. Pamodzi ndi lipoti pamapita khungu la matuza aja kuti likapimidwe ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo pofuna kudziwa mtundu weniweni wa kachirombo zina zimatumizidwa kunja, monga ku Botswana Vaccine Institute ku Gaborone, komwenso amapanga katemera wa matendawa. Matendawo akatsimikizika, boma liyenera kudziwitsa bungwe loona za umoyo wa ziweto padziko lonse pasanathe maola 24. Bungweli liri ku Paris, linakhazikitsidwa mu 1924, ndipo linkadziwika kuti OIE kufikira mu 2022 pamene linayamba kutchedwa WOAH. Kudzera kumeneko maiko oyandikana nafe amadziwa kuti achenjere m'malire.

Mwina wina afunsa kuti kuthamanga konseku nkwa chiyani, poti ng'ombe zambiri zimachira zokha. Chifukwa chake nchakuti kachiromboka kali ndi mitundu isanu ndi iwiri, ndipo itatu mwa iyo, SAT 1, SAT 2 ndi SAT 3, ndi imene njati za kuno zimasunga. Katemera wa mtundu umodzi sateteza ku mtundu wina. Kuti opima adziwe mtundu umene wabuka amafuna matuza atsopano, osaphulika kapena ongophulika kumene. Mlimi akakhala sabata ziwiri akupaka mchere ndi phulusa pazilonda, nkumayembekeza kuti zipola, mlangizi amadzapeza zipsera zokhazokha ndipo zotumiza kukapimitsa palibe. Kubisako sikuthandizanso, chifukwa wodziwa ntchito akayang'ana chilonda cha palilime amatha kuyerekeza kuti chatha masiku angati.

Katemera naye amayenda ndi kaundula. Ndi wodula, amachokera kunja, amafuna kusungidwa mozizira, ndipo mphamvu yake m'thupi la ng'ombe imatha pakapita miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Oitanitsa amawerenga m'buku kuti dera lakuti liri ndi ng'ombe zingati. Ngati mudzi wonse unachotsera, mabotolo amatha mzere wa ng'ombe udakalipo, ndipo zotsalazo ndi zimene zimasunga moto.

Zolembedwa zimenezi sizithera pa chaka chimodzi. Akatswiri ena anasonkhanitsa malipoti a matendawa m'Malawi kuyambira mu 1957 mpaka 2019, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2022. Anapeza kuti matendawa amakonda kubuka m'madera awiri, kumwera ndi kumpoto, ndiponso kuti madera oyandikana ndi nkhalango za nyama ndi misewu ikuluikulu ndi amene ali pachiopsezo. Kwa ife okhala pakati pa Lengwe, Majete ndi msewu wa M1 palibe chodabwitsa. Koma umboni wotere ndi umene umathandiza pokapempha katemera wa chaka ndi chaka kapena mpanda wolimba wa nkhalango, ndipo unachokera m'mabuku a alangizi amene anayenda m'makola ndi njinga zakapalasa.

Pamenepa sitinganene kuti vuto lonse liri kwa alimi. Mlimi amene wanena za matenda ndi amene amayamba kumva kuwawa: msika umatsekedwa, sangagulitse ng'ombe yolipirira mwana fizi, ogulitsa kanyenya amamuloza chala, ndipo anansi amati ndiye watiitanira tsoka. Ngati atanena mlangizi afika patatha sabata chifukwa njinga yamoto ilibe mafuta, kapena zotsatira za kupima sizibwereranso kumudzi, ulendo wina munthuyo adzakhala chete. Alangizi ndi ochepa poyerekeza ndi makola, ndipo kale pamene ng'ombe zinkapita kudibi kawirikawiri mlangizi ankaziona ndi kuziwerenga pamalo amodzi, mwayi umene unachepa madibi ambiri atafooka. Malipoti asamangokwera mtunda. Boma likatseka misika liziuzanso mafumu ndi makomiti a ziweto chimene chapezeka, madera amene akhudzidwa, ndi zimene likudikira kuti litsegule.

Pali chinthu chimodzi chimene mlimi angachite yekha osadikira boma. Gulani kope la ana asukulu likhale la khola. Lembani ng'ombe iriyonse ndi maonekedwe ake, tsiku limene yabadwa, yagulidwa, yagulitsidwa kapena yafa, amene munagula kwa iye, ndi tsiku limene inabaidwa katemera. Pemiti iriyonse isungeni m'kope momwemo. Mbuzi musaziiwale, pakuti izo zimadwala mosaonetsera kwenikweni ndipo zimayenda pa njinga kupita kumsika popanda wofunsa. Ngati kulemba kumakuvutani, mwana wa Sitandade 6 akhoza kukulemberani.

Kopelo likulungeni m'pepala la pulasitiki ndi kuliika pamwamba. Madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anasakaniza ng'ombe za midzi yosiyanasiyana kumitunda kumene anthu anathawira, ndipo nthawi ngati imeneyo ndi imene matenda opatsirana amapeza mpata. Madzi akaphwa, mlangizi akamadzafunsa kuti ng'ombe zanu zinali ndi za yani, kwa masiku angati, ndipo zabwerako zingati, muzidzangotsegula kope.