Wobwera kuchokera ku Joni ndi khola lake loyamba

Dzina la Wenela, pamalo pamene pamaima mabasi mu mzinda wa Blantyre, limakumbutsa kuti ulendo wa ku Joni si wa lero. Linachokera ku bungwe limene linkalemba amuna okagwira ntchito ku migodi ya ku South Africa. Masiku amenewo anatha, koma achinyamata a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri akupitabe, ndipo akubwererabe. Ena amabwera mwa kufuna kwawo, ena anathawa zipolowe za mu 2008 ndi 2015, enanso ntchito zinawathera ndi mliri wa Covid-19 mu 2020. Wobwerayo amafika ndi kandalama kamene anakhetsera thukuta zaka zingapo, ndipo kandalamako sikachedwa kusungunuka ngati sikaikidwa pa chinthu chobereka. N'chifukwa chake ena mwa iwo amaganiza zomanga khola ndi kuyamba kuweta ziweto zoswetsa.

Maganizo amenewa ndi abwino, koma pali chinthu chimodzi chimene chimagwetsa oyamba kumene: kusankha chiweto chifukwa chinawasangalatsa kumene anali, osayang'ana ngati chikugwirizana ndi malo, chakudya ndi msika wa kuno.

Chitsanzo chake ndi nyama yotchedwa alipaka, imene ena anaiona m'mafamu a ku South Africa. Ndi nyama ya khosi lalitali ndi ubweya wofewa, ya mtundu umodzi ndi ngamila, ndipo kwawo ndi ku mapiri ozizira a Andes, makamaka m'dziko la Peru ndi Bolivia. Phindu lake lagona pa ubweya, umene amameta kamodzi pachaka n'kuwombera zovala za mtengo wapatali. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi 11 ndipo imaswa mwana mmodzi yekha. Tsono munthu wa ku Machinjiri atagula zazikazi zinayi, angadikire pafupifupi chaka chathunthu asanaone mwana woyamba, akuzidyetsa ndi kuzigulira mankhwala, pomaliza n'kusowa womugula ubweyawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro lake ndi lakuti woweta ayambe wawerengera nthawi imene chiweto chimatenga kuti chibweze ndalama. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150, ndipo ikamasamalidwa bwino imatha kuswa katatu m'zaka ziwiri. Zazikazi zinayi zingapatse mwini wake ana 12 m'nthawi imeneyo, osawerengera mapasa. Kalulu ndiye wachangu koposa: bere lake ndi la mwezi umodzi, ndipo amaswa ana 6 mpaka 8 nthawi imodzi. Akalulu aakazi atatu akaswa kanayi pachaka, ana 6 ulendo uliwonse, khola limaona ana 72. Ziwerengero zimenezi zimakwanira pokhapokha imfa zikapewedwa, komabe zikuonetsa kusiyana kwa chiweto chodya mpamba ndi chiweto chokuza mpamba.

Chachiwiri ndi malo. Mapuloti a ku Ndirande kapena ku Zingwangwa ndi opanikizana, ndipo mbuzi yongoyendayenda imadya ndiwo za pa benchi ya mnansi n'kubala mlandu. Mzinda uli ndi malamulo ake okhudza kusunga ziweto m'malo okhala anthu, choncho munthu asanakhome msomali woyamba, ndi bwino akafunse kwa khansala wa dera lake kapena ku maofesi a khonsolo. Kumene malo ndi ochepa, akalulu ndiwo oyenera, chifukwa khola lawo limakwana kuseri kwa nyumba ndipo sachita phokoso. Mbuzi zimafuna malo a m'mphepete mwa mzinda, monga kunja kwa Machinjiri kulowera ku Lunzu, mbali ya Chigumula kapena cha ku Mpemba, kumene udzu ndi masamba zimapezeka.

Khola liyambe, chiweto chibwere pambuyo. La mbuzi likhale lam'mwamba, lotalika pafupifupi mita imodzi kuchokera pansi, lokhala ndi mipata yaing'ono pakati pa mitengo yoyala kuti ndowe ndi mkodzo zizigwera pansi koma mwendo wa kamwana usalowe. Mbuzi yogona pa chinyontho imagwidwa ndi chibayo, njoka za m'mimba ndi zilonda za m'mapazi. Denga lisadonthe. Malo omangapo akhale kutali ndi khwawa kapena njira ya madzi otsika m'phiri, pakuti anthu a mu mzinda uno sanaiwale zimene namondwe wa Freddy anachita mu Marichi 2023. Khola la akalulu nalonso likhale lokwera, pa mthunzi, lotetezeka kwa agalu, makoswe ndi linthumbu, ndipo wamkazi aliyense akhale ndi chipinda chake. Manyowa ogwera pansi pa makola amenewa ndi chuma china, makamaka pamene mtengo wa feteleza ukukwererakwerera.

Chakudya ndicho chimapha makola ambiri. M'dzinja udzu umamera paliponse, ndipo woweta amaganiza kuti ziweto n'zosavuta. Mavuto amayamba mu Ogasiti mpaka Novembala, pamene tchire lapsa ndipo madeya akwera mtengo ku chigayo. Woweta wanzeru amadzala nsenjere m'malire a munda, lukina kapena gilisidiya ngati mpanda, ndipo pokolola amasunga masangwi a mtedza ndi mapesi pa malo ouma. Akalulu amadya kholowa, chisoso, bonongwe ndi madeya, koma masamba ongothyola kumene ayambe afota pang'ono asanawapatse, kuopa kuwatsegula m'mimba. Chiwerengero cha ziweto chitsatire chakudya chimene chingapezeke mu Okutobala, osati cha mu Febuluwale.

Kuweta koswetsa kumasiyana ndi kuweta kwa ndiwo. Woswetsa amagulitsa mbewu, ndiye kuti ziweto zimene ena akayambire makola awo, ndipo mbewu yabwino mtengo wake umaposa wa nyama. Mbuzi zamakolo n'zopirira ku matenda ndi chilala koma n'zazing'ono. Mbuzi za mtundu wa Boer, zimene zinachokera ku South Africa komweko, n'zazikulu ndipo zimakula msanga, koma zimafuna chakudya ndi chisamaliro chochuluka. Njira yapakati ndiyo kukweretsa zazikazi zamakolo ndi tonde wa Boer, kuti ana atengere kukula kwa bambo ndi kupirira kwa mayi. Tonde mmodzi amakwanira zazikazi 25, kotero mabanja angapo angathe kusonkherana n'kugula mmodzi. Kwa akalulu, mitundu yodziwika ndi New Zealand White ndi Californian. Wamwamuna mmodzi amakwanira aakazi 8 mpaka 10, ndipo pokweretsa, wamkazi ndiye amapititsidwa ku chipinda cha wamwamuna.

Mdani wobisika wa khola laling'ono ndi kukwerana pachibale. Tonde akakhalitsa, amayamba kukwera ana ake omwe, ndipo zoswedwazo zimakhala zonyentchera, zodwaladwala, zina zopunduka. Mankhwala ake ndi kusinthana atonde ndi oweta ena ana aakazi asanafike pokweredwa, ndi kuthena amuna onse osafunika pa mbewu. Apa ndipo pamafunika kope. Mwini khola alembe tsiku lokweretsa, tsiku loswa, kholo la mwana aliyense, mankhwala amene anaperekedwa ndi ndalama zimene zalowa ndi kutuluka. Wogula mbewu amakhulupirira woweta amene angathe kumuonetsa mbiri ya chiweto chimene akugula.

Pa za matenda, mlangizi wa ziweto wa dera ndiye bwenzi loyamba. Iye amalangiza nthawi yomwetsa mankhwala a njoka za m'mimba, makamaka mvula ikamayamba ndi ikamatha, komanso kasambitsidwe kothana ndi nkhupakupa ndi mphere. Chiweto chogula kumene chikhale pachokha masabata awiri kapena atatu chisanasakanizidwe ndi zinzake. Kusamutsa ziweto kuchokera boma lina kumafuna chikalata cha a zaumoyo wa ziweto, ndipo kulowetsa nyama yamoyo kudzera pa chipata cha Mwanza kapena china chilichonse kumafuna chilolezo cha boma. Malamulowa alipo pofuna kuteteza makola a anthu onse, chifukwa chiweto chimodzi chodwala chingathe kupululutsa dera lonse, monga momwe chigodola chimachitira ndi nkhumba.

Msika ulipo, ndipo woweta aziudziwa asanayambe. Mbuzi zimafunidwa kwambiri pa Idi, pa Khirisimasi, pa zinkhoswe ndi maukwati, ndipo ootcha kanyenya amazifuna tsiku ndi tsiku. Mabungwe amene amagawa mbuzi zopatsirana m'midzi amafunanso mbewu yathanzi. Akalulu amagulidwa ndi mabanja, malo odyera ndi ena ofuna kuyamba kuweta.

Pomaliza pali nkhani ya amene akadali kunja koma akutumiza ndalama kuti abale awayambire khola. Chiweto si njerwa zimene zimadikira mwini wake. Chimadya m'mawa ndi madzulo, ndipo chimadwala osachenjeza. Wosamalirayo apanganiridwe gawo lake poyera, kaya ndi malipiro kaya ndi mwana mmodzi mwa oswedwa, kuti ubale usathere pa mbuzi. Ndiponso mpamba wonse usalowe m'khola tsiku limodzi. Gawo lina litsale la chakudya ndi mankhwala a chaka choyamba. Woyamba ndi akalulu anayi kapena mbuzi zinayi, akalakwitsa amataya zochepa n'kuphunzira zambiri, ndipo chilimwe choyamba chikadutsa ziweto zili zonenepa, pamenepo ndi pamene angaganize zokuza khola.