Dewey Decimal Classification

Dewey Decimal Classification, imene mwachidule imatchedwa DDC, ndi njira yosanjira mabuku m'laibulale potengera nkhani imene buku likukamba. Buku lililonse limapatsidwa nambala, ndipo nambalayo imaimira mutu wa nkhani, monga masamu, ulimi, zaumoyo kapena mbiri yakale. Anayambitsa njirayi ndi Melvil Dewey wa ku United States, ndipo inasindikizidwa koyamba m'chaka cha 1876. Masiku ano ikugwiritsidwa ntchito m'malaibulale a m'mayiko oposa 135 ndipo yamasuliridwa m'zilankhulo zoposa 30.

Njirayi imathandiza kwambiri posanja mabuku a maphunziro ndi ena ofotokoza zinthu zenizeni. Munthu wofuna buku lotere nthawi zambiri sadziwa dzina la wolemba. Chimene amadziwa ndi nkhani imene akufuna, kaya ndi malungo, kaweta nkhuku kapena malamulo. DDC imachititsa kuti mabuku onse okamba nkhani imodzi akhale malo amodzi pa shelefu.

Mbiri yake

Melvil Dewey anabadwa pa 10 Disembala 1851 ku Adams Center m'chigawo cha New York, ndipo anamwalira pa 26 Disembala 1931. Anaphunzira pa Amherst College ku Massachusetts, kumene ankagwiranso ntchito m'laibulale ali mwana wa sukulu. Kumeneko ndi kumene anakonza njira yake m'chaka cha 1873, ali ndi zaka 21.

Pa nthawiyo malaibulale ambiri ankapatsa buku nambala yosonyeza malo amene laikidwa: chipinda chakuti, shelefu yakuti, malo akuti. Buku latsopano linkaikidwa paliponse pamene patsala mpata. Motero mabuku awiri okamba nkhani imodzi ankatha kukhala kutali kwambiri, ndipo laibulale ikakula kapena kusamukira m'nyumba ina, pankafunika kulembanso manambala onse. Dewey anaganiza zopereka nambala ku nkhani ya m'buku m'malo mopereka ku shelefu. Buku likhoza kusunthidwa, mashelefu akhoza kuwonjezedwa, koma nambala yake sisintha ndipo limakhalabe pakati pa mabuku anzake.

Dewey ankakonda kuwerenga zinthu m'makhumi, choncho anagawa nzeru zonse za anthu m'magulu khumi. Pa kayalidwe ka maguluwo anatengerako zimene William Torrey Harris anakonzera laibulale ya sukulu za mumzinda wa St. Louis m'chaka cha 1870. Kabuku koyamba ka DDC kanali ka masamba 44 okha ndipo mitu yake sinkafika 1,000. Buku lachiwiri, la mu 1885, linali ndi masamba 314. Dewey analinso mmodzi mwa anthu amene anayambitsa bungwe la American Library Association mu 1876, ndipo mu 1887 anatsegula sukulu yoyamba yophunzitsa ntchito ya m'laibulale pa Columbia College ku New York. Zimenezi zinathandiza kuti njira yake ifalikire msanga.

Magulu khumi

Nambala iliyonse ya DDC imayamba ndi manambala atatu, kuchokera pa 000 kufika pa 999. Nambala yoyamba mwa atatuwo imasonyeza gulu lalikulu.

000: makompyuta, nkhani za uthenga ndi mabuku okhudza nkhani zonse, monga insaikulopediya
100: filosofi ndi maphunziro a kaganizidwe ka munthu
200: zipembedzo
300: chikhalidwe cha anthu, ndale, chuma, malamulo ndi maphunziro
400: zilankhulo
500: sayansi ndi masamu
600: luso logwiritsa ntchito sayansi, monga zachipatala, ulimi ndi zomangamanga
700: zojambula, nyimbo ndi masewera
800: ndakatulo, zisudzo ndi nkhani zopeka
900: mbiri yakale ndi jogalafe

Gulu lililonse limagawidwa m'magawo khumi, ndipo gawo lililonse limagawidwanso pakhumi. Mwachitsanzo, m'gulu la 500 masamu ali pa 510, zakuthambo pa 520, fizikisi pa 530, kemisitiri pa 540, bayoloje pa 570, zomera pa 580 ndipo nyama zili pa 590. M'gulu la 300 ndale zili pa 320, chuma pa 330, malamulo pa 340 ndipo maphunziro ali pa 370. Nthano zamakolo zimapezeka pa 398.2 ndipo miyambi ili pa 398.9.

Ngakhale gulu la 800 lilipo, malaibulale ambiri amaika nkhani zopeka pa mashelefu akeake n'kuzisanja motsatira mayina a olemba, chifukwa owerenga mabuku otere amakonda kufunsa dzina la wolemba.

Mmene nambala imatalikira

Pambuyo pa manambala atatu oyamba pamabwera kadontho, kenako manambala ena. Nambala iliyonse yowonjezedwa imachepetsa nkhaniyo kuti iloze chinthu chimodzi. Buku la kalimidwe ka chimanga limapeza nambala yake motere: 600 ndi luso logwiritsa ntchito sayansi, 630 ndi ulimi, 633 ndi mbewu za m'munda, 633.1 ndi mbewu za mtundu wa chimanga, mpunga ndi tirigu, ndipo 633.15 ndi chimanga chenichenicho. Momwemonso 610 ndi zachipatala, 616 ndi matenda, ndipo 616.9362 ndi malungo. Mpira wa miyendo uli pa 796.334, pansi pa 796 pamene pali masewera olimbitsa thupi.

Kadonthoka ndi kamene kamapatsa njirayi mpata wokula. Pakatulukira nkhani yatsopano, akhoza kuipezera malo powonjeza nambala kumapeto popanda kusokoneza zina zonse. Nthawi zina amagwiritsanso ntchito manambala amene anali opanda ntchito. Makompyuta, amene kunalibe m'nthawi ya Dewey, anapatsidwa malo pa 004 mpaka 006 m'zaka za m'ma 1980.

DDC ilinso ndi manambala oimira malo, amene amalumikizidwa ku manambala a nkhani. Nambala ya Malawi ndi 6897. Mbiri ya Malawi ili pa 968.97 ndipo jogalafe ya Malawi ili pa 916.897. Mbiri ya Zambia ili pa 968.94, ya Zimbabwe pa 968.91, ndipo ya Mozambique pa 967.9. Munthu amene wazolowera manambalawa amawazindikira msanga akawaona kumapeto kwa nambala yaitali.

Chinthu chimodzi chikhoza kupezeka m'malo angapo, chifukwa DDC imayang'ana mbali imene wolemba waionera nkhaniyo. Buku la kalimidwe ka chimanga lili pa 633.15, koma lokamba za kaphikidwe kake limapita pa 641, ndipo lokamba za chimanga pa chuma cha dziko limapita pa 338.1. Pofuna kuthandiza pa vutoli, Dewey anaika kumapeto kwa buku lake mndandanda wa mawu wosanjidwa motsatira alifabeti, umene umasonyeza manambala onse amene nkhani imodzi ingapezeke. Mndandandawu anautcha Relative Index ndipo ukadalipo mpaka lero.

Kupeza buku pa shelefu

Nambala ya buku imalembedwa pa kapepala komatidwa pamsana pa bukulo. Pansi pa nambalayo malaibulale ambiri amalemba zilembo zitatu zoyamba za dzina la wolemba, kuti mabuku okhala ndi nambala yofanana asanjidwe motsatira alifabeti. Wowerenga amayamba wafufuza nambala m'makadi kapena pa kompyuta ya laibulale, kenako n'kupita pa shelefu. Mabuku amasanjidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, kuyambira shelefu yapamwamba kutsika pansi.

Pamene ophunzira ambiri amalakwitsa ndi pa manambala a pambuyo pa kadontho. Manambalawa amawerengedwa imodziimodzi ngati madesimo a m'masamu. Choncho 633.15 imabwera 633.2 isanafike, chifukwa 1 ndi yochepa poyerekeza ndi 2, ngakhale kuti 15 imaoneka ngati yaikulu. Buku lobwezeredwa pamalo olakwika limakhala ngati latayika, chifukwa wolifuna amayang'ana pamene nambala yamuuza n'kupeza palibe. Ndiye chifukwa chake malaibulale ambiri amapempha owerenga kuti asiye mabuku patebulo akamaliza kuwerenga, kuti ogwira ntchito awabwezere okha.

Ubwino wina wa njirayi ndi woti munthu akapeza buku limodzi, amapezanso ena amene sankawadziwa. Wophunzira amene wapita pa 636.5 kukafuna buku la nkhuku amaona pafupi pomwepo mabuku a ng'ombe, nkhumba ndi mbuzi, chifukwa ziweto zonse zili pansi pa 636.

Zimene anthu amadandaula

DDC inakonzedwera laibulale ya koleji ya ku America ya m'zaka za m'ma 1870, ndipo mipata inagawidwa potengera mabuku amene anali kumeneko komanso mmene anthu akumeneko ankaonera dziko. Zimenezi zikuonekabe m'manambala ake.

M'gulu la zipembedzo, Baibulo lili pa 220 ndipo magawo a 230 mpaka 280 ndi a Chikhristu. Zipembedzo zina zonse zinapanikizidwa m'gawo limodzi la 290. Chiyuda chili pa 296, Chisilamu pa 297, ndipo zipembedzo zamakolo za mu Africa zili pa 299.6.

M'gulu la zilankhulo, Chingerezi chili ndi gawo lakelake la 420, Chijeremani 430, Chifalansa 440, Chitaliyana 450, Chisipanishi ndi Chipwitikizi 460, Chilatini 470 ndipo Chigiriki 480. Pafupifupi zilankhulo zina zonse za padziko lapansi zili m'gawo la 490. Zambiri za mu Africa zili pa 496, ndipo za mtundu wa Bantu zili pa 496.39. Chiswahili chili pa 496.392, ndipo Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinzake zimafunika manambala aatali oyamba ndi 496.39. Zilinso chimodzimodzi m'gulu la 800, kumene zolembedwa m'zilankhulo zambiri za mu Africa zili pa 896. Pa mbiri yakale, England ili pa 942, Germany pa 943 ndipo France pa 944, pamene mayiko ambiri a mu Africa amafuna manambala anayi kapena asanu.

Kwa laibulale ya mu Africa, zotsatira zake n'zoti mabuku amene owerenga amawafuna kwambiri amaunjikana pa manambala ochepa aataliatali, ovuta kuwalemba pamsana pa buku komanso osavuta kuwasokoneza, pamene manambala aafupi amatsalira nkhani zimene laibulaleyo ili ndi mabuku ake ochepa.

Mmodzi mwa anthu oyamba kulimbana ndi vutoli anali Dorothy Porter, amene ankayang'anira mabuku okamba za anthu akuda pa Howard University ku Washington, D.C. kuyambira mu 1930. Iye anapeza kuti malaibulale ambiri ankaika pafupifupi buku lililonse lokhudza anthu akuda pa 325, nambala ya utsamunda ndi kusamuka kwa anthu, kapena pa 326, nambala ya ukapolo, ngakhale litakhala la ndakatulo. Porter anasanjanso mabukuwo potengera nkhani zake zenizeni, kuti wolemba ndakatulo akhale pakati pa olemba ndakatulo anzake.

Anthu amadzudzulanso khalidwe la Dewey mwiniwake. Kalabu ya Lake Placid imene iye anayambitsa sinkalola Ayuda ndi anthu akuda, ndipo amayi angapo anamudandaula kuti ankawachita zachipongwe. M'chaka cha 2019 bungwe la American Library Association linachotsa dzina lake pa mendulo yaulemu imene linkapereka.

Kayendetsedwe kake masiku ano

Kuyambira mu 1988 mwini wa DDC ndi bungwe la OCLC, limene likulu lake lili ku Dublin m'chigawo cha Ohio. Buku lonse la DDC lachi 23 linatuluka mu 2011 m'mavoliyumu anayi, ndipo lachidule lachi 15, loyenera malaibulale ang'onoang'ono monga a m'sukulu, linatuluka mu 2012. Manambala amakonzedwanso nthawi ndi nthawi pa intaneti kudzera mu WebDewey, imene malaibulale amalipira kuti aigwiritse ntchito. Mabuku ambiri osindikizidwa ku United States amabwera ndi nambala ya DDC yolembedwa kale kuseri kwa tsamba la mutu wa buku.

Akonzi a DDC akhala akusintha magawo ena, makamaka a zipembedzo, pofuna kuchepetsa kukondera. Kusinthaku kumayenda pang'onopang'ono chifukwa nambala imodzi ikasintha, laibulale iliyonse imayenera kukonza kaundula wake, kumata timapepala tatsopano ndi kusuntha mabuku. Ntchito imeneyi imafuna ndalama ndi anthu, ndipo malaibulale ambiri amapitiriza kugwiritsa ntchito manambala akale kwa zaka zambiri.

Njira zina zosanjira mabuku

DDC si njira yokhayo. Malaibulale ambiri a mayunivesite akuluakulu amagwiritsa ntchito Library of Congress Classification, imene imaphatikiza zilembo ndi manambala ndipo ili ndi magulu 21. Ina ndi Universal Decimal Classification, imene anakonza Paul Otlet ndi Henri La Fontaine a ku Belgium potengera DDC, ndipo inasindikizidwa yonse koyamba m'Chifalansa cha m'ma 1905. DDC imakondedwabe m'malaibulale a m'sukulu ndi a anthu onse chifukwa imangofuna kudziwa kuwerenga manambala, ndipo wophunzira amene waloweza magulu khumi aja amatha kupeza shelefu imene akufuna m'laibulale iliyonse yotsatira njirayi, ngakhale ya m'dziko lina.